Mwana Wathu Akamaopa Kupita Kuntchito

Mawu amene adalankhulidwa kwa amayi pa tsiku lachiwiri la chikondwerero cha Mvano



Dzulo tidaimba, tidakondwera, ndipo tidakumbukira amayi amene adatitsogolera pa ntchito imeneyi, ambiri a iwo adagona kale. Lero komiti yatipempha kuti tikambe nkhani imene si yachikondwerero. Poyamba tidafuna kukana, pakuti ndi nkhani yolemera pakamwa, makamaka titavala zoyera chonchi, abusa alinso pomwepa. Koma tidadzifunsa kuti, ikapanda kukambidwa pano pamene amayi asonkhana, ikakambidwa kuti? Nkhani yake ndi ya mabwana amene amavutitsa akazi pantchito powafuna chiwerewere, ndi zimene mkazi wovutitsidwayo angachite potsata malamulo a dziko lathu.

Tiyamba ndi zimene zidachitika pakati pathu. Dzina sititchula, ngakhalenso malo ake.

Mwana wamkazi wa mmodzi wa ife adatsiriza Fomu 4, nakhala pakhomo zaka ziwiri osapeza chochita. Pambuyo pake adalembedwa ntchito pa sitolo ina m'tauni. Mayi wake adabwera ndi chopereka chothokoza, ndipo tonse tidamlululira. Patapita miyezi ingapo mtsikana uja adayamba kuwonda. M'mawa uliwonse ankati mutu ukuwawa. Mwana amene kale ankadzuka tambala woyamba kusita bulauzi yake, tsopano ankachita kudzutsidwa. Chidachitika n'chakuti bwana wake adayamba ndi mawu oyamikira maonekedwe ake. Kenaka adayamba kumuuza kuti azitsala anzake akaweruka, ati awerenge katundu. Podutsa kuseri kwa kauntala ankamgwira m'chiuno ngati mwangozi. Usiku ankamtumizira mauthenga pa foni amene sitingawanene pano. Tsiku lina adamuuza poyera kuti, "Ntchitoyi ili m'manja mwako. Kunjaku kuli atsikana ambiri amene akufuna malo akowa."

Mwanayo adachita bwino, adauza mayi wake. Mayi wake adachitanso bwino, adabwera kwa ife, amayi atatu a Mvano. Tsono imvani zimene ife tidachita. Mmodzi wa ife adafunsa kuti, "Kodi mwanayo amavala zotani popita kuntchitoko?" Wina adati, "Ntchito n'zosowa masiku ano, azingomzemba, apirire." Wachitatu adalangiza kuti mauthenga aja afufutidwe msanga, kuopa kuti bambo wake angawaone, pakhomo n'kuyaka moto. Titatero tidagwada, tidapemphera, aliyense nabwerera kwawo. Isanathe miyezi iwiri mtsikana uja adachotsedwa ntchito. Adamunamizira kuti ndalama zapelewera m'kabati, ndipo sadampatse ngakhale mphindi imodzi yoti anene mbali yake. Pamene tidadzamva kuti kuli ofesi ya boma imene akadapitako, miyezi isanu inali itapita, mauthenga aja kulibe, mwanayo atatopa nazo.

Tidampempherera, ndipo pemphero silidalakwe. Koma sitidamperekeze kulikonse. Ife amene timadziwa kuperekeza wodwala kuchipatala, timadziwa kuperekeza maliro mpaka kumanda ngakhale mvula ikugwa, mwana uyu tidamsiya ayende yekha. Chifukwa chimodzi chinali manyazi. Chifukwa china chinali umbuli, pakuti sitinkadziwa kuti kuli koperekezera. Lero tifuna tichepetseko umbuliwo.

Nkhani zotere si zachilendo m'Malembo. Pa Genesis 39 timawerenga za Yosefe, wantchito m'nyumba ya Potifara. Amene adamvutitsa anali mkazi wa mbuye wake, ndipo adachita zimenezi masiku ambiri, osati kamodzi. Yosefe adakana, adathawa, komabe ndiye amene adalowa m'ndende. Chifukwa ninji? Chifukwa m'nyumbamo munalibe mboni, ndipo wamphamvu ndiye adayamba kulankhula, chovala chili m'manja. Onani zinthu ziwiri pamenepa. Choyamba, vutoli silichokera ku chovala cha wantchito kapena kayendedwe kake, koma kwa munthu amene ali ndi mphamvu pa chakudya cha mnzake. Yosefe anali mwamuna, woopa Mulungu, koma zidamgwera. Chachiwiri, kukana kokha sikumteteza munthu ngati palibe womuikira umboni. Taonaninso pa Rute 2, momwe Boazi, mwini munda, adalamulira anyamata ake kuti asamkhudze mkazi wachilendo amene ankakunkha m'munda mwake. Naomi naye adamlangiza Rute kuti asapite kumunda wina kumene angakamchite chipongwe. Tsono ngakhale m'masiku amenewo zinali zodziwika kuti mkazi wosauka wofuna chakudya amakhala pangozi, ndiponso kuti kumteteza ndi udindo wa mwini munda.

Ife a zaka zambirife tidakula nthawi imene chinthu chimenechi chinalibe ngakhale dzina. Mtsikana wotaipa mu ofesi, namwino, mphunzitsi wofuna kusamutsidwa, mayi wothyola tiyi, akavutitsidwa ankangoti bwana ndi wovuta. Zinthu zidasintha. Malamulo aakulu a dziko lino a chaka cha 1994, pa gawo 24, adalamula kuti papangidwe malamulo othetsa nkhanza ndi chipongwe chochitira akazi, ndipo pa gawo 31 adapatsa wantchito aliyense ufulu wogwira ntchito mwachilungamo ndi motetezeka. M'chaka cha 2013 Nyumba ya Malamulo idavomereza lamulo lotchedwa Gender Equality Act. Gawo 6 la lamuloli lidatchula chinthuchi kuti ndi mlandu, ndipo lidaika chilango cha chindapusa cha K1,000,000 ndi kukhala m'ndende zaka 5.

Mverani bwino chimene lamuloli limachiyesa mlandu, pakuti ambiri timaganiza kuti mlandu umayamba pokhapokha munthu atagwiriridwa. Ayi. Mawu okha ndi okwanira. Zizindikiro, monga zithunzi zolaula zimene bwana akuonetsa wantchito, n'zokwanira. Kugwiragwira thupi n'kokwanira. Chofunika n'chakuti mchitidwewo ndi wokhudza chiwerewere, winayo sakuufuna, ndipo munthu wanzeru zake akadadziwiratu kuti zotere zimkhumudwitsa mnzakeyo, zimchititsa manyazi kapena zimuopseza. Chotero bwana sangadzitchinjirize ponena kuti ankangocheza. Lamuloli limateteza amuna ndi akazi omwe, ndiye kuti Yosefe akadakhala lero akadakhala ndi kolowera.

Gawo 7 likunena za olemba ntchito. Pamalo a ntchito payenera kukhala ndondomeko yodandaulira, yoti dandaulo limvedwe msanga ndi mwachinsinsi, wolakwa alangidwe, ndipo wodandaula asabwezeredwe choipa chifukwa wadandaula. Koma mawu amene tifuna mupite nawo kwanu ndi awa: wovutitsidwa sakakamizidwa kutsiriza njira za kuntchito kwake asanapite kupolisi kapena kukhoti. Opanga lamulo adadziwa kuti nthawi zambiri amene ukadandaule kwa iye ndi mnzake wa bwanayo, mwina ndi bwana yemweyo. Pa sitolo ija mwini wake ndiye anali wovutitsayo. Mwana wathu akadadandaula kwa yani?

Tsono mwana kapena mayi mnzathu akabwera kwa ife ndi nkhani yotere, tichite chiyani?

Tisayambe ndi mafunso a zovala. Timkhazike pansi, timvere mpaka atsirize. Titamva, timgulire kope la masamba ochepa, ayambe kulemba: tsiku, nthawi, malo, mawu amene adanenedwa monga momwe adanenedwera, ndi amene anali pafupi. Kopelo lisakhale kuntchito. Mauthenga a pa foni, kaya ndi a pa WhatsApp, asafufutidwe ngakhale ndi onyansa chotani, ndipo ndi bwino kuwatumizanso ku foni ya munthu wina wokhulupirika, pakuti foni imatayika, imabedwa, ndipo ina ndi ya kampani, amatha kuilanda. Asungenso kalata imene adamlembera ntchito ndi timapepala ta malipiro. Ngati adayamikiridwapo pa ntchito yake, asunge umboni wake, chifukwa bwana wokanidwa sanena kuti ndakuchotsa popeza wandikana. Amati ndiwe waulesi, umachedwa, waba. Mtsikana akakhala ndi mphamvu, amuuze bwanayo momveka kuti zimenezi sazifuna, ndipo akatero pa uthenga wolemba ndi bwino koposa. Akakhala ndi mantha tisamdzudzule, mantha si kuvomera. Ndiponso ife amene tauzidwa tilembe tsiku limene adatiuza, chifukwa tsiku lina tingadzakhale mboni yonena kuti mwanayu adadandaula kalekale, asanachotsedwe.

Ngati pantchitopo pali wamkulu woposa bwanayo, kapena ofesi yoona za antchito, kapena bungwe la apantchito, alembe kalata yodandaula, asunge ina yofanana nayo. Mawu apakamwa amakanidwa.

Kunja kwa ntchito makomo alipo angapo. Kupolisi kuli nthambi ya Victim Support Unit imene imalandira nkhani zotere. Kugwira mkazi mwachipongwe ndiponso kugwirira ndi milandu imene idalembedwa kale m'buku la milandu la Penal Code, lamulo la 2013 lisanabwere. Ngati zafika pogwiriridwa, Mulungu atiteteze, chipatala chisadikire mawa: mankhwala oteteza ku kachilombo ka HIV amayenera kuyambidwa maola 72 asanathe, ndipo zimene adokotala alemba ndi umboni kukhoti. Khomo lina ndi bungwe la Malawi Human Rights Commission, limene lidapatsidwa udindo woonetsetsa kuti lamulo la 2013 likutsatidwa, ndipo limalandira madandaulo ndi kufufuza. Wosowa ndalama za loya apite ku Legal Aid Bureau, imene boma lidakhazikitsa kuti ithandize osauka pa milandu. Wovutitsidwa angathenso kusuma payekha kuti apatsidwe chipukutamisozi.

Tikhalitse pang'ono pa nkhani ya kuchotsedwa ntchito, chifukwa apa ndi pamene ife tidagwera. Lamulo la ntchito la chaka cha 2000, Employment Act, limati munthu asachotsedwe popanda chifukwa chomveka, ndipo ngati akumuneneza cholakwa ayenera kupatsidwa mpata wodziteteza. Nkhani ikafika kukhoti, wolemba ntchito ndiye ayenera kuonetsa chifukwa chimene adamchotsera. Mwana wathu uja, ngakhale popanda mauthenga, anali ndi poyambira, pakuti adachotsedwa osamvedwa. Akuluakulu adati mlandu suwola, koma uwu uli ndi nthawi yake. Gawo 62 limapereka miyezi itatu kuchokera tsiku lochotsedwa kuti munthu akadandaule kwa mkulu woona za ntchito pa boma, kumene timangoti ku Leba. Iyeyo amaitana mbali zonse ziwiri kuti agwirizanitse. Akalephera mwezi umodzi, nkhani ingathe kupita ku bwalo la milandu ya apantchito, Industrial Relations Court, limene limapezeka ku Blantyre, ku Lilongwe ndi ku Mzuzu. Bwalolo lingathe kulamula kuti munthu abwezeredwe pantchito, kapena alipidwe. Miyezi itatu ikapitirira munthu asangotaya mtima, akafunse odziwa malamulo, koma adziwe kuti njira yayamba kukwera phiri.

Nanga amene sadachotsedwe koma watopa, afuna kungosiya? Lamulo lomwelo, pa gawo 60, limazindikira kuti khalidwe la wolemba ntchito lingathe kufika poti munthu sangayembekezeke kupitiriza, ndipo kusiya kotere kumayesedwa ngati kuchotsedwa. Koma apa chenjerani, chifukwa wantchito ndiye ayenera kuonetsa chimene chidamsiyitsa. Atsikana ambiri, chifukwa cha ulemu umene tidawaphunzitsa, amalemba kalata yothokoza bwana, nati asiya pa zifukwa za kunyumba. Kalata imeneyo idzawatsutsa kukhoti. Ngati asiya, alembe chifukwa chenicheni, ndipo asanasiye afunsireko nzeru.

Mwina wina akuti mumtima, malamulo ndi a pa pepala, wosauka sangapambane bwana. Sitikunamizani, amayi. Milandu imachedwa, imaimitsidwaimitsidwa, ndalama za minibasi zimatha, anzake apantchito amene adaona zonse amakana kuchitira umboni poopa ntchito zawo, ndipo alipo amene adadandaula koma osapindula kanthu. Komabe zinthu zidachitikapo m'dziko lomwe lino. M'chaka cha 2021 Malawi Human Rights Commission idatulutsa lipoti la kafukufuku wake ku wailesi ya boma ya MBC, nkunena kuti idapeza kuti amene adali mkulu wa wailesiyo adavutitsa akazi ena ogwira ntchito kumeneko. Nkhani imene kale ikadathera m'makonde idamveka dziko lonse, chifukwa akaziwo adalankhula. M'chaka chomwecho cha 2021 udatha mlandu wa akazi 36 a m'minda ya tiyi ya ku Thyolo ndi ku Mulanje, amene adasumira ku London kampani ya Camellia, mwini wa Eastern Produce Malawi, ponena kuti adagwiriridwa ndi kuchitidwa chipongwe pantchito. Kampaniyo sidavomere mlandu, koma idagwirizana nawo zopereka mapaundi 2.3 miliyoni, kuphatikizapo zolipira maloya, ndiponso kukonza njira zotetezera akazi m'mindamo. Amenewa sanali akazi ophunzira kwambiri kapena olemera. Anali amayi a dengu kumsana, ngati ambiri a ife. Chimene tikuonapo n'chakuti sadapite mmodzimmodzi. Bwana wotere kawirikawiri savutitsa munthu mmodzi yekha, ndipo mmodzi akatsegula pakamwa ena amalimba mtima.

Pa nkhani ya kunamizira tinenepo pang'ono, poti abambo ena kumbuyoko tikuwaona akugwedeza mitu. N'zoona, mkazi wa Potifara adanama. Lamulo la 2013 limatinso antchito atetezedwe kwa owanamizira. Ife sitikuti aliyense wonenezedwa ndi wolakwa. Tikuti nkhani ifike kwa ofufuza, m'malo moti ife tiweruziretu pa mkeka kuti mtsikana ndiye adayamba.

Ndipo inu abambo, akazi anu ndi ana anu ambiri amabisa nkhani zotere chifukwa choopa inu koposa bwanayo. Mayi akati anene, amayamba waganiza kuti mufunsa kuti, "Nanga foni yako adaidziwa bwanji?" Ena mumalamula kuti asiye ntchito tsiku lomwelo, ena mumafuna kukamenya munthu, mlandu n'kutembenukira inu. Mauthenga aja tidafufutitsa chifukwa choopa bambo. Akadakhala bambo woti mwana angamuonetse zotere, lero tikadakamba nkhani ina.

Tsopano tafika pamene pali povuta, ndipo tipempha kuti musatikwiyire. Pamene takhala tikunena za bwana, tonse tikuganiza za munthu wa tayi mu ofesi ya kutali. Koma ambiri a ife tili ndi atsikana antchito m'nyumba zathu. Tidakawatenga kumudzi, makolo awo adatikhulupirira chifukwa ndife amayi a Mvano. Mtsikana ameneyo nyumba yathu ndiyo malo ake a ntchito, ndipo malamulo amene tafotokozawa amamteteza iyenso. Iye alibe ofesi yodandaulirako, alibe bungwe, amagona m'nyumba momwemo, ndipo chitseko cha chipinda chake mwina chilibe loko. Amene angamvutitse ndi bambo a m'nyumbamo, kapena mwana wathu wamwamuna, kapena mlamu amene tikumsunga. Nkhani ikaululika timatani? Timadziwa tonse. M'mawa mwake timammangira katundu m'chitenje, timampatsa ya basi, ndipo kwa anansi timati anali wamwano, anali wakuba. Banja lapulumuka, dzina lathu kutchalitchi lapulumuka, mwana wa eni wabwerera kumudzi, nthawi zina ali ndi pakati. Pamenepo ife tachita chimodzimodzi ndi mwini sitolo uja. Ndipo ngati mtsikanayo sadakwane zaka 18, pa malamulo a dziko lino ndi mwana, mlandu wake ndi woposa apa.

Sitileka kutchulanso malo a mpingo. Mipingo ili ndi masukulu, zipatala ndi maofesi, ndipo imalemba anthu ntchito. Lamulo silidapatule malo amenewa. Mkazi akavutitsidwa ndi munthu wa udindo pa malo otere, amauzidwa kuti asanyozetse dzina la mpingo, nkhani ithere m'bwalo la akulu. Bwalo la mpingo lili ndi ntchito yake ya uzimu, ndipo timalilemekeza, koma silichotsa ufulu wa munthu wopita kupolisi kapena kukhoti. Mneneri Natani sadaope kulowa m'nyumba ya mfumu Davide pa nkhani ya Bateseba, ngakhale Davide anali wodzozedwa.

Komiti yatipempha kuti tipereke maganizo oti nthambi zikakambirane, ndipo athu ndi ochepa. Pa nthambi iliyonse pasankhidwe amayi awiri osunga pakamwa, amene wovutika angawafikire nkhani osamveka pachitsime mawa lake. Amayi amenewa akadziwiretu pamene pali ofesi ya Leba ya boma lawo ndi khomo la Victim Support Unit, asadikire tsiku la tsoka kuti ayambe kufunsa njira. M'thumba limene timathandizira odwala ndi maliro mupatulidwe kangachepe ka ulendo, chifukwa milandu yambiri imafera pa kusowa ya basi. Ndipo tsiku lopita, mmodzi wa ife avale, apite naye, akakhale pa benchi pambali pake kufikira atatuluka. Pakati pathu pali aphunzitsi, anamwino ndi ena odziwa kulemba bwino makalata. Athandize amene dzanja lawo limanjenjemera.

Mtsikana uja tsopano amagulitsa kaunjika pamsika, ndipo akudzithandiza. Tidapita kwa iye amayi atatu aja kukapepesa, zaka zitapita. Adatilandira bwino, adatiphikira tiyi, koma adatiuza chinthu chimodzi chimene sitinkachidziwa: kuti atachoka iye, pamalo pake padalembedwa mtsikana wina wamng'ono kwa iye, amene adakhalanso miyezi isanu ndi umodzi yokha. Mayi wake wa mwana wathuyo ali nafe muno lero, wavala zoyera ngati ife tonse, ndipo ndi iye amene adatiuza kuti nkhaniyi tiinene.